Ndani Amaloleza Kuti Poizoni Agulitsidwe?

Anzanga, m'Chichewa tili ndi liwu limodzi losenza katundu wolemera, liwu loti mankhwala. Panado ndi mankhwala. LA wa malungo ndi mankhwala. Koma Actellic amene timathira m'chimanga kuti chisafumbwe timamutchanso mankhwala, ophera makoswe ndi mankhwala, opopera tomato kudimba nawonso timangoti mankhwala basi. Ena ndi ochiza, ena anapangidwira kupha, dzina limodzi. Ndiye mwana wa zaka zinayi akamva akulu akunena kuti m'botolomo muli mankhwala, mukuganiza kuti m'mutu mwake mumabwera chiyani?

Botolo lililonse la mankhwala ophera tizilombo lomwe likugulitsidwa movomerezeka linadutsa kaye patebulo la munthu wina. Munthuyo anawerenga mapepala ake, anawerengera masamu ake, kenako anasaina kuti ligulitsidwe, kapena anakana. Ntchito imeneyi ili ndi sukulu yake. Munthu akamaliza digiri yoyamba, monga ya Chemistry, Biology, zaulimi kapena zaumoyo, amatha kupitiriza digiri yachiwiri ya masters, yophunzira za kuopsa kwa makemikolo, malamulo oyendetsera makemikolowo komanso mmene tingawagwiritsire ntchito osawononga nthaka, madzi ndi mpweya. Pa tsiku lokambirana za ntchito zam'tsogolo timangomva za unamwino, uphunzitsi, usilikali ndi udokotala. Iyi sitimaimva, chonsecho imakhudza nsima ndi ndiwo zomwe timadya tsiku ndi tsiku.

Phunziro loyamba kwa anthu amenewa ndi la muyezo. Dokotala wina wa ku Switzerland, Paracelsus, amene anabadwa m'chaka cha 1493, ndiye amatchuka pophunzitsa kuti chinthu chilichonse chikhoza kukhala poizoni, chimene chimasiyanitsa ndi kuchuluka kwake. Mchere wa m'ndiwo ukachuluka kwambiri m'thupi umapha. Panado awiri amathetsa mutu, ochuluka amawononga chiwindi. Choncho funso la katswiri silikhala lakuti kodi chinthuchi n'choipa kapena chabwino. Iye amafunsa kuti chimayamba kuvulaza chikafika muyezo wanji, kwa ndani, ndipo pakapita nthawi yaitali bwanji.

Kuti apeze yankho sayesera pa anthu ayi. Amayesera pa makoswe oweta a mu labotale. Amafufuza muyezo umene ungaphe theka la makoswe omwe apatsidwa mankhwalawo, ndipo muyezo umenewo amautcha LD50. Amauwerengera potengera kulemera kwa thupi. Mchere wathu uja, LD50 yake kwa makoswe ndi pafupifupi magalamu 3 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Pomwe mankhwala amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawaika m'gulu loopsa kwambiri, lotchedwa Ia, amapha ndi muyezo wosafika mamiligalamu 5 pa kilogalamu. Galamu imodzi ndi mamiligalamu 1,000, ndiye gawani 3,000 ndi 5 muone. Mupeza 600. Nambala ya LD50 ikakhala yaing'ono ndiye kuti poizoniyo ndi wamkulu, musasokoneze pamenepa.

Komatu kusafa sikutanthauza kuti uli bwino. Mankhwala ena sakupha lero, amangodya chiwindi kapena impso pang'onopang'ono, ena amayambitsa khansa, ena amavulaza mwana ali m'mimba. N'chifukwa chake pali kafukufuku wina wautali, wofika zaka ziwiri, momwe makoswe amadyetsedwa timiyezo ting'onoting'ono tsiku lililonse. Kenako akatswiri amawang'amba kuti aone ziwalo zam'kati, amaonanso ana omwe abereka. Chomwe akufuna ndi muyezo waukulu umene sunaonetse vuto lililonse. Akaupeza saupereka kwa anthu momwemo. Amaugawa ndi 10 chifukwa munthu si khoswe, thupi lake likhoza kumva msanga. Amaugawanso ndi 10 wina chifukwa anthufe sitifanana: pali makanda, amayi oyembekezera, agogo ndi odwala. Zonse pamodzi agawa ndi 100. Tingoyerekeza kuti muyezo wosavulaza khoswe ndi mamiligalamu 10 pa kilogalamu patsiku. Kwa munthu ukhala 0.1, ndipo mnzathu wolemera makilogalamu 50 sayenera kupyola mamiligalamu 5 patsiku. Ine mbali imeneyi ndi imene imandisangalatsa, chifukwa ndi masamu omwe aliyense wa fomu 1 angawakwanitse, koma akuteteza mtundu wonse wa anthu.

Masamu omwewa ndi amene amathandiza poika masiku odikira olembedwa pabotolo aja, oti ukapopera usathyole mpaka patapita masiku akutiakuti. Masikuwo sanangolembedwa poti pepala linatsala malo. Ndi nthawi yoti mankhwala otsalira pa tomato kapena pa mpiru achepe mpaka afike pamuyezo wosavulaza wodya. Munthu akapopera Lachinayi n'kukagulitsa pamsika Loweruka kuti tomato azioneka wonyezimira, ntchito ya zaka ziwiri ija yalowa m'madzi, ndipo wodya tomatoyo sakudziwa kanthu.

Phunziro lachiwiri ndi losiyanitsa kuopsa kwa chinthu ndi mpata woti chikuvulaze. Ng'ona ya mu Shire ndi yoopsa nthawi zonse, koma munthu amene akulima mbatatesi kumapiri a Dedza alibe nayo mantha. Amene ali pachiswe ndi mayi wochapa m'mbali mwa mtsinje tsiku ndi tsiku. Mankhwala nawonso ndi chimodzimodzi. Mapepala amene kampani imabweretsa kwa boma nthawi zambiri amawerengera mlimi wovala ovolosi, magolovesi, majombo ndi chotchinga mphuno, amene ali ndi chipinda chokhoma chosungiramo mankhwala. Tsono taganizani mmene timapoperera kuno. Kabudula, phazi lili pansi, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, sipuleya yobwereka ikudontha kumsana, ndipo ena amatakasa ndi dzanja kapena kuwaza ndi tsache. Botolo likatsala limakasungidwa kuseri kwa thumba la ufa. Mankhwala ndi omwewo, koma olowa m'thupi ndi ochuluka kwambiri kuposa omwe anawerengera papepala paja.

Mabungwe a FAO ndi WHO anaiona nkhani imeneyi. M'malangizo awo a kasamalidwe ka mankhwala ophera tizilombo muli mfundo yoti mankhwala ofuna zovala zodzitetezera zodula, zotentha kapena zosowa apewedwe, makamaka kwa alimi ang'onoang'ono a m'mayiko otentha. Ndiye katswiri wa kuno sangangokopera chigamulo cha dziko lina. Ayenera kudziwa mmene mlimi wa ku Ntcheu kapena ku Chikwawa amagwirira ntchito. Kumbukirani za mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija, zomwe zinachititsa kuti mu Disembala 2017 boma lilengeze kuti maboma 20 ali pangozi. Anthu atapanikizika anathira chilichonse chomwe anachipeza pamtima pa chimanga: phulusa, mchenga, sopo waufa, msuzi wa usipa, ndi mankhwala osadziwika komwe achokera. Pa nthawi ngati imeneyo pamafunika munthu wodziwa kunena msanga kuti awa akugwira ntchito, awa ndi achinyengo, awa asalowe m'dziko muno.

Zolembedwa pabotolo ndiye kalata yochokera kwa katswiri kupita kwa mlimi. FAO inalangiza kuti m'munsi mwa pepala la pabotolo muzikhala mzere wa mtundu: wofiira kwa oopsa kwambiri, kenako wachikasu, wabuluu, ndi wobiriwira kwa ochepa mphamvu. Wobiriwirawo sakutanthauza kuti mukhoza kunyambita ayi. Palinso zithunzi 9 zomwe mayiko anagwirizana kudzera ku United Nations, zojambulidwa m'kabokosi kopendekeka ka mzere wofiira. Chigaza ndi mafupa awiri opingasa ndi poizoni wopha msanga. Nsomba yakufa pafupi ndi mtengo wouma ikutanthauza kuti mankhwalawo amapha zam'madzi, choncho osatsukira sipuleya kumtsinje. Lawi la moto ndi zoyaka msanga. Dzanja ndi chitsulo zomwe zikudyeka ndi madontho ndi mankhwala owotcha khungu. Pulofesa Andrea Rother wa ku University of Cape Town anafufuza mmene ogwira ntchito m'minda ku South Africa amamvera zithunzi za pamabotolo, ndipo anapeza kuti ambiri amazitanthauzira mosiyana ndi zomwe ojambula ankafuna. Choncho ngakhale kujambula chithunzi choti agogo osadziwa kuwerenga achimve ndi phunziro palokha.

Vuto lalikulu kwathu kuno ndi lakuti kalatayo nthawi zambiri sifika n'komwe. Wogulitsa amagula botolo limodzi lalikulu n'kumapungulira m'timabotolo ta zakumwa kapena m'timapepala. Dzina palibe, muyezo palibe, mzere wofiira palibe. Munthu akavulala nawo, kuchipatala amafunsa kuti wamwa mankhwala anji, achibale n'kumangoti akuda, a timibulu. Chitsanzo ndi tameki. Dzina lake lenileni ndi Temik, mankhwala ake ndi aldicarb, ndipo WHO inawaika m'gulu la Ia lija. Anapangidwira tizilombo ta m'nthaka m'minda, sanapangidwire makoswe a m'nyumba momwe mukukwawa ana.

Tameki yemweyu akutitengera ku India. Kampani yomwe inayamba kupanga Temik ndi ya ku America yotchedwa Union Carbide, ndipo inali ndi fakitale mumzinda wa Bhopal. Kumeneko ankasunga kemikolo yotchedwa methyl isocyanate, yomwe imagwira ntchito popanga mankhwala a Sevin komanso aldicarb. Usiku wa pa 2 kuchera pa 3 Disembala 1984, madzi analowa m'thanki ya kemikoloyo, inatentha, ndipo mpweya wapoizoni wokwana matani pafupifupi 40 unatuluka n'kukuta nyumba za anthu ali m'tulo. Makina oziziritsa thankiyo anali atazimitsidwa, nsanja yowotchera mpweya woipa sinkagwira ntchito. Boma la chigawo cha Madhya Pradesh linatsimikiza imfa 3,787, ena amati omwalira ndi ochuluka kuposa pamenepo, ndipo anthu oposa 500,000 anapuma mpweyawo. Sikuti akatswiri sankadziwa kuti kemikoloyo ndi yoopsa. Ankadziwa bwino lomwe. Chinasowa ndi wokakamiza kuti zotetezera zizigwira ntchito. N'chifukwa chake ophunzira a masters imeneyi saphunzira Chemistry yekha, amaphunziranso malamulo.

Ku Ulaya, lamulo lalikulu la makemikolo limatchedwa REACH ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 Juni 2007. Kampani yopanga kapena kuitanitsa kemikolo yokwana tani imodzi kapena kuposerapo pachaka iyenera kukailembetsa ku ofesi ya ECHA mumzinda wa Helsinki ku Finland, ndi kupereka umboni wa kuopsa kwake. Kale boma ndilo linkavutika kufufuza kuti chinthu n'choipa. Pano mwini katundu ndiye amabweretsa umboni, apo ayi sagulitsa. Kwa ine izi n'zachilungamo, chifukwa wodya phindu ndi iyeyo. Kuno ku Malawi, mankhwala ophera tizilombo amalembetsedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, lomwe linakhazikitsidwa potsatira lamulo la chaka cha 2000, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards limaona za miyezo ya katundu wosiyanasiyana.

Koma pali chinthu chimodzi chondiwawa. Mankhwala ophera udzu otchedwa paraquat analetsedwa m'mayiko a European Union mu 2007, koma anapitirira kupangidwa ku Huddersfield ku England n'kumatumizidwa kumayiko ena. Eti, kwawo ayi, koma kwa ena inde. Pangano la Rotterdam la 1998 limati mankhwala omwe ali pamndandanda wake asatumizidwe kudziko lina popanda dzikolo kudziwitsidwa ndi kuvomera. Pangano labwino ndithu. Koma kuvomera kapena kukana kumafuna munthu wotha kuwerenga mulu wa mapepala a sayansi n'kuona pomwe pabisala vuto. Dziko likasowa anthu otero limangosaina.

Kodi siginecha ya munthu wa mu ofesi ingapulumutsedi moyo? Taonani za ku Sri Lanka. Dziko limeneli linali m'gulu la mayiko omwe anthu ambiri ankadzipha, ndipo ochuluka anali a kumidzi omwe ankamwa mankhwala a m'munda atakwiya kapena atasokonezeka maganizo. Boma linayamba kuchotsa pamsika mankhwala oopsa kwambiri: ena mu 1995, endosulfan mu 1998, ndipo paraquat ndi ena awiri pakati pa 2008 ndi 2011. Chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 aliwonse, ndipo ofufuza anawerengera kuti miyoyo pafupifupi 93,000 inapulumuka m'zaka 20. Zokolola sizinatsike chifukwa cha chiletsocho. Chinachitika n'chakuti mavuto a anthu sanathe, koma munthu wochita zinthu mopupuluma ankafika kuchipatala ali moyo, mkwiyo n'kutha, moyo n'kupitirira. Ndingodutsirapo: mnzanga, ngati mtima walemera, uza mphunzitsi kapena wamkulu amene umamukhulupirira lero lomwe.

Gawo lomaliza la maphunzirowa ndi loganizira za mawa. Apa nkhani ya DDT ndi imene imaphunzitsa bwino chifukwa ilibe yankho lophweka. Paul Müller wa ku Switzerland anatulukira mu 1939 kuti DDT amapha tizilombo, ndipo mu 1948 analandira mphotho ya Nobel. Mankhwalawa anapulumutsa anthu ambirimbiri ku malungo. Koma sawola msanga, ndipo amakhazikika m'mafuta a m'thupi. Tizilombo ta m'madzi timatenga pang'ono, kansomba kamadya tizilombo tambiri, nsomba yaikulu imadya tinsomba tambiri, mbalame yodya nsomba n'kulandira zonsezo. Ku America mbalame zina zinayamba kuikira mazira a zikamba zopyapyala, osweka pofungatira. Rachel Carson analemba za vutoli m'buku lake la Silent Spring mu 1962, ndipo America inaletsa DDT paulimi mu 1972. Pangano la Stockholm la 2001 linamuika pa mndandanda wa makemikolo 12 osawola msanga, koma linasiya mpata woti agwiritsidwe ntchito polimbana ndi udzudzu. Mpatawo unali ndi chifukwa. South Africa itasiya kupopera DDT m'nyumba mu 1996, udzudzu wina sunkafa ndi mankhwala atsopanowo, odwala malungo anakwera mpaka kupyola 60,000 m'chaka cha 2000, ndipo dzikolo linabwereranso kwa DDT. Ndiye mukanakhala inu patebulo paja mukanasaina chiyani? Kuletsa kuli ndi maliro ake, kuloleza kulinso ndi mavuto ake, ndipo wophunzira amayenera kuyeza zonse ziwiri ndi manambala, osati ndi mkwiyo.

Nthawi zina njira ina imapezeka. Alimi a fodya kuno ankathira methyl bromide pa nazale pofuna kupha tizilombo ta m'nthaka, koma mpweya wake umawononga ozoni, chophimba chakumwamba chomwe chimatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa. Pangano la Montreal linapatsa mayiko ongotukuka kumene mpaka 2015 kuti asiye. Malawi anasiya pofika kumapeto kwa 2004, ndipo njira ina yomwe inabwera ndi yofesa mbewu m'mathireyi oyandama pamadzi. Fodya sanaleke kulimidwa.

Nanga sukulu zake zili kuti? Ku Ulaya kuli masters ya zaka ziwiri yotchedwa Chemical Innovation and Regulation, yomwe ili pansi pa ndondomeko ya Erasmus Mundus. Imayendetsedwa ndi mayunivesite a Algarve ku Portugal, Barcelona ku Spain ndi Bologna ku Italy mogwirizana, ndipo wophunzira sakhala pa yunivesite imodzi, amasuntha. Ndondomeko ya Erasmus Mundus imakhala ndi thandizo la ndalama lomwe anthu a mayiko onse amapikisanirana. Kufupi ndi kwathu kuno, University of Cape Town ili ndi dipuloma yapamwamba ya kasamalidwe ka mankhwala ophera tizilombo komanso masters ya makemikolo onse. Mbali yaikulu imaphunziridwa pa intaneti, moti anthu ogwira ntchito m'maboma a mayiko a mu Africa amaphunzira ali kwawo. Omaliza amagwira ntchito m'mabungwe a boma, m'mafakitale, m'malabotale oyeza chakudya ndi madzi, kapena m'mabungwe a United Nations.

Njira yake ndi yaitali, tisanamizane. Pali JCE yomwe ikutidikira a fomu 2, kenako MSCE yokhala ndi makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, kenako zaka zinayi ku University of Malawi ku Zomba, ku LUANAR, ku MUBAS, ku MUST kapena ku Mzuzu, masters n'kubwera pambuyo pake. Ambiri timathawa Chemistry poti zipangizo zoyesera ndi zochepa ndipo zinthu zambiri timangoziona zojambulidwa pabolodi. Koma pa ntchito iyi mwana wa kumudzi ali ndi chomwe mnzake wa ku Bologna alibe. Amadziwa kuti chigubu chotha mankhwala sichitayidwa koma chimasanduka chotungira madzi, amadziwa komwe botolo limabisidwa m'nyumba, amadziwanso kuti wopopera nthawi zambiri ndi mnyamata wa msinkhu wathu, osati bambo amene anagula mankhwalawo.

Amene mukufuna kuyesa, kaonenini botolo kapena paketi ya mankhwala yomwe ili kwanu, pali munthu wamkulu. Musalitsegule ndipo musabwere nalo kusukulu. Koperani m'kope zinthu zisanu: dzina la mankhwala enieni olembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono pansi pa dzina lamalonda, mtundu wa mzere, zithunzi zomwe zilipo, masiku odikira, ndi tsiku lotha mphamvu. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo. Tidzafananitse zomwe tapeza ku kalabu ya sayansi, tidzawerengenso kuti ndi mabotolo angati omwe alibe pepala n'komwe.